Chimanga Chosatengera Make

Alamu anga a Alfonsi Miti anali munthu wamfupi, wamiyendo ya matewe, ndipo akalowa m'munda ankalankhula ndi chimanga ngati akuphunzitsa ana katekisimu. Ine Dolika ndinkawaseka pamaso, pajatu mlamu ndi wako womuseka. Anakwatira mkulu wanga Sesiliya n'kubwera kudzakhala kwathu kuno kufupi ndi Chiparamba. Anafika ngati mkamwini aliyense, wopanda munda wake, wopanda mbale wake, atanyamula khasu, bulangete ndi zimanga zingapo zomangidwa pamodzi ndi makoko ake. Amayi athu ataona zimangazo anafunsa ngati kwawo anamva kuti kuno kuli njala. Iwo anangoti, mwaulemu, ndi mbewu ya agogo awo.

Chimene ankadziwa munthu ameneyu ndi mbewu basi. Kusaka sankatha, kuvina ndiye musanene, ngakhale kuyimba m'tchalitchi ankasokoneza anzawo. Koma pokolola sankathamanga ngati ife. Ankasenda chimanga chachikulu chilichonse, n'kuyang'ana mmene mizere ya njere yayendera, n'kuluma njere imodzi kuti amve kulimba kwake. Chimene chawakomera ankachimanga ndi makoko, n'kuchipachika kutsindwi la khitchini pamwamba pa moto, kuti utsi uchiphike ndipo anankafumbwe asachiyandikire. Potong'ola ankataya njere za kunsonga ndi za kutsinde, n'kusiya za pakati zokha. Chimanga chawo chinali cholimba ngati mano a galu, ndipo mu mtondo chinkatuluka mphale yoyera, gaga wochepa.

Mitambo ikayamba kusonkhana, amayi a m'mudzi ankabwera mmodzimmodzi, n'kugwada pakhomo la khitchini. Kwathu mbewu sinkagulidwa. A Alfonsi anali ndi mbale yawo yachitsulo, yoyera, yosupuka m'mphepete, ndipo m'menemo ndi mmene ankathiramo mbewu ya aliyense wopempha. Lamulo linali limodzi: mbale ya mbewu siibwerera yopanda kanthu. Wina ankaikamo mtedza, wina mazira, wina kamchere. Iwo ankakonda kunena kuti kupatsa ndi kuika. Ndipo anaikadi, chifukwa mkamwini wina aliyense ankayenda ndi mantha a kuuzidwa kuti apite kwawo, koma awa ayi. Ndani akanapirikitsa munthu amene chimanga cha mudzi wonse chinadutsa m'manja mwake?

Ufulu utabwera, kunabweranso mawu atsopano. Pa wailesi ya aphunzitsi tinkamva za chitukuko m'mawa ndi madzulo. Kenaka kunafika mlangizi wa zaulimi, a Boaz, mnyamata wophunzira wa panjinga, wa kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo. Sindiwanenera zoipa, anali munthu waulemu, ndipo akakupeza ukupalira ankatsika panjinga kaye asanakupatse moni. Pamsonkhano woyamba anatiuza kuti dziko silikwera ndi mkono wokha, limakwera ndi mutu. Anati kuli anthu amene amakhala zaka akuphunzira njere imodzi ya chimanga, ndipo nzeru zawozo tsopano zafika kwa ife m'kathumba. Tinaombera m'manja ngakhale ambiri sitinamve bwino.

Munda wachionetsero anausankha wa a Alfonsi, poti aliyense anawalozera kumeneko. Kopaletivi ya alimi inapereka kathumba ka mbewu ya haibulidi ndi matumba a feteleza. Mayo ine, chimanga chija! Chinatalika kupitirira denga la nyumba, masamba obiriwira mpaka kuda, ndipo chimanga chimodzi chinkachokera pachigongono kufika kuzala. Anthu ankachokera ku Mtenguleni kudzangochiona. Alamu anapita nacho ku chionetsero m'tauni ya Chipata, imene panthawiyo ena tinkaitchulabe Foti Jemusoni, ndipo anabwerako ndi pulawo ya mphoto, akuyenda ngati matewe aja awongoka. Ndinawauza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lokolola a Boaz ananena mawu amene tonse tinawamva bwinobwino, palibe anganame kuti sanamve.

"Bambo Miti, chimanga ichi mudye kapena mugulitse, koma musasungeko mbewu. Chaka chamawa mukagule ina."

Tinaseka, ngakhale amayi okalamba anaseka. Kugula mbewu, uli ndi chimanga chotere m'manja? A Alfonsi anawagwira paphewa n'kuwafunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, eni masitolo akutumani? Nkhuku yabwino imaswa anapiye abwino. Chimanga ndachisankha kuyambira inu musanabadwe." A Boaz anafuna kufotokoza, koma wina anayambitsa nyimbo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Pasanapite nthawi a Boaz anaitanidwa ku maphunziro ena ku Lusaka, nakhala komweko miyezi.

Choncho alamu anachita chimene ankachidziwa. Anasankha zimanga zikuluzikulu za haibulidi, nazimanga, nakwera kutsindwi. Mbewu ya agogo awo anaitsitsa kuti papezeke malo. Ndinaipeza ili mu lichero, yakuda ndi mwaye, Sesiliya akuti akaikonole.

"Alamu, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo," ndinatero. "Siyaniko pang'ono."

"Mlamu, ukapeza njinga sunyamulanso ndodo," anayankha.

Sindinalimbikire. Inenso mtima wanga unali pa chimanga chachikulucho, ndipo mbale itafika kwanga ndinaibweza ndi mazira.

Chaka chimenecho mbale ija inayenda mudzi wonse osapuma. Womaliza kubwera anali Yosefina, mayi wamasiye amene mwamuna wake anafera ku migodi, kumusiyira ana ang'onoang'ono ndi kamwana ka kumsana dzina lake Andireya. Mayi ameneyu sankathamangira zinthu. Anagwada pakhomo, ine ndili pomwepo ndikupeta, n'kufunsa kuti, "Nanga mbewu yanga yakale ija, bambo, ndibzaleko mbali ina?"

"Kagayitseni ana adye," anatero a Alfonsi. "Bzalani iyi munda wonse. Chikavuta, mudzafunse ine."

Yosefina analandira ndi manja awiri. Anati alibe choika m'mbalemo tsopano, adzaibweza akakolola. Alamu anati palibe kanthu, mbale siithawa.

Mvula inagwa bwino, chimanga chinamera. Titamaliza kupalira koyamba ndi pamene ndinayamba kuona kuti m'munda mwanga simuli bwino. Phesi lina lalitali, loyandikana nalo lalifupi, lina lowonda ngati bango. Ndinkati mwina ndi nthaka. Ndiye mmawa wina a Boaz anatulukira ndi njinga yawo, atabwerako ku Lusaka, n'kutipeza ine ndi alamu tikubandira. Anapereka moni, anayang'ana munda, kenaka anayang'ana minda ya kutsidya. Anavula chipewa.

"Bambo Miti, mbewu iyi munagula kuti?"

"Kutsindwi kwanga," anayankha alamu monyadira.

"Nanga enawa?"

"Mudzi wonse ndaupatsa ine."

A Boaz anakhala pansi pamzere, masokosi oyera aja ali m'matope. Analankhula motsitsa. Anati haibulidi ndi mwana wa mbewu ziwiri zosiyana zimene akatswiri amazikwatitsa mwadala. Mwana woyambayo amakhala wamphamvu, koma ana ake satengera make, aliyense amalowera kwake. Anati chimanga chimenechi ndi chadyera, popanda feteleza chimakhala chachikasu, ndipo chimafuna mvula yaitali. Alamu anafunsa ngati tingabzalenso. A Boaz anati nthawi yapita. Anafunsa ngati alipo amene anabzalako mbewu yakale. Panalibe ndi mmodzi yemwe.

"Mlamu," anandiuza alamu, a Boaz atachoka, "usauze munthu kaye. Mwina Mulungu achita chifundo."

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja anasiya kudya bwino. Sesiliya ankati akawaikira chakudya amangochiyang'ana. Mantha awo sanali a njala ya pakhomo pawo ayi, chifukwa iwo anali ndi feteleza wotsala wa chaka chatha, ndipo munda wawo, ngakhale unali wosalingana, unali wobiriwira. Vuto linali lomwelo. Minda yonse yozungulira inali yachikasu, wa mkamwini wopereka mbewu uli bii pakati. Inu mukudziwa mmene anthu amaganizira zikatere. Kwathu timakhulupirira kuti alipo anthu okhwima amene amakoka chimanga cha anzawo ndi mankhwala kuti chilowe m'nkhokwe zawo. Poyamba anthu ankangonong'ona kuchitsime, ine ndikafika n'kusintha nkhani.

Alamu ndiye anaonjezera moto osadziwa. Mtima sunkawalola kukhala pansi, choncho m'mawa uliwonse ankazungulira minda ya anthu, kuyang'ana ngati chimanga chasintha, kugwira masamba, kulankhula nacho monga mwa chizolowezi chawo. Mapazi a matewe sabisika pamatope. Mwini munda akafika ankapeza mapaziwo azungulira munda wake kuchokera ngodya kufika ngodya. Ndinawachenjeza.

"Alamu, lekani kuyenda m'minda ya eni. Anthu akulankhula."

"Nditani nanga, mlamu? Ndikatseka maso ndikuona munda wa Yosefina."

Munda wa Yosefina unalidi womvetsa chisoni kuposa yonse, poti nthaka yake inali yamchenga. Chimanga chinamasula chili m'chiuno. Kenaka mvula inadula, kunabwera ng'amba, masamba n'kuyamba kupota. Lamulungu lina alamu sanaoneke ku Misa, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatirire. Anadikira kuti tonse tilowe m'tchalitchi, natenga feteleza wawo wotsala, nakathira m'munda wa Yosefina. Ankachita manyazi kumupatsa poyera, poti kutero kukanakhala kuvomera kuti mbewu yawo ndi yolakwika. Anathira ndi dzanja lachifundo, wambiri, pafupi penipeni ndi phesi, nthaka ili youma gwa. Feteleza wotero amatentha. Pasanathe sabata, chimanga cha mayi wamasiye chinauma ngati achiwaula ndi moto.

Yosefina anabwera kwanga, mwana ali kumsana. Sanakweze mawu. Anatambasula chikhatho, m'menemo muli timiyala toyera.

"Dolika, izi ndazipeza patsinde pa chimanga changa. Mapazi ndi a alamu ako. Ku Misa kunalibe. Ndiuze, ndinawalakwira chiyani?"

Ndinalumbira kuti ndi feteleza, kuti ankafuna kuthandiza. Iye anandifunsa kuti, "Feteleza yemweyo kwawo akubiriwitsa, kwanga akuwotcha?"

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Ana analetsedwa kudutsa pakhomo pa Sesiliya. Amuna ankaima patali m'magulu, kuyang'ana nkhokwe ya alamu osalankhula. Tinkamva za mudzi wina kumene munthu anamutenthera nyumba pa nkhani ngati yomweyi, ndipo Sesiliya ankagoneka ana atavala, mitolo ili pafupi ndi chitseko. Galu akauwa, tonse mitima inkadumpha. A Boaz anaitanitsa msonkhano nafotokoza zonse mwachilungamo, mpaka kunena kuti iwonso analakwa kuchoka osatsimikiza kuti tamvetsa. Ena anamva. Ena anati awiriwa ndi amodzi, wina amabweretsa mbewu, wina amakolola.

Amalume athu a Matiyasi, amene anali mwini mbumba, anaitana alamu pansi pa mtengo wa mango. Anawauza mosazungulira kuti mkamwini wanzeru amaona yekha njira ya kwawo dzuwa likadali m'mwamba. Alamu anagwada, mutu uli pansi. Amene anayankha ndi Sesiliya, mkulu wanga wofatsa uja amene sankatsutsa ngakhale nkhuku.

"Amalume, akanyamuka awa nanenso ndinyamuka ndi ana. Mbewu ija tonse tinaipempha tokha, ndipo tonse tinaseka mlangizi."

Pamenepo alamu anakweza mutu n'kulonjeza kuti chimene akolole si chawo, nkhokwe yawo idzakhala ya mudzi mpaka chimanga china chipse. Amalume anati tiona.

Anthu anakolola zochepa, ena theka la zimene ankapeza kale, Yosefina ndiye madengu owerengeka a tizimanga topanda njere zokwanira. Nkhokwe ya alamu inadzaza, ndipo mitima inatsikako pang'ono. Tinkati tikadya mosamala tifika. Koma panali china chimene sitinkachidziwa. Chaka choyamba chija haibulidi anagulitsidwa yense ku depoti atangokololedwa, wa mbewu yekha ndiye anakhala mu utsi, choncho palibe anaona mmene amakhalira m'nkhokwe. Njere yake ndi yofewa, ndipo makoko ake safika kunsonga. Kutentha kutayamba, tsiku lina masana alamu anandiitana ndi dzanja.

"Mlamu, ika khutu apa."

Ndinatsamira nkhokwe. M'katimo munkamveka kaphokoso kosalekeza, ngati mvula yowaza pa udzu wouma. Anali anankafumbwe. Alamu anasolola chimanga chimodzi, nachigwedeza, ndipo chinatuluka fumbi. Anasolola china, chimodzimodzi. Anakhala pansi potsamira mwendo wa nkhokwe, ndipo kanali koyamba kuona mwamuna wamkulu akulira popanda maliro.

Tinapulumutsa zimene tinatha, kutong'ola, kuyanika padzuwa, kusakaniza ndi phulusa, kugawira makomo. Sizinafike patali. Pofika nthawi yobzala anthu anali m'maganyu, ena ku mafamu a fodya, ena akudya mango owiritsa ndi gaga. Mbewu ya makolo tinachita kukapempha kumidzi yakutali, ife amene anthu ankabwera kudzapempha kwathu. Kamwana ka Yosefina kanayamba kutupa mapazi, tsitsi n'kufiira. Alamu ankapita ndi kaufa kalikonse kamene apeza, koma Yosefina sankalandira kanthu kochokera m'manja mwawo. Ankaopa, ndipo ine sindimuweruza.

Mmawa wina tinamva kuti wanyamuka ndi ana ake kupita kwa mlongo wake ku Kasenengwa, osatsanzika munthu. Sesiliya potsegula chitseko anapeza mbale yoyera ija ili pakhonde. Yosefina anasunga mwambo, sanaibweze yopanda kanthu. Inali yodzaza ndi fumbi la chimanga chofumbwa, tizilombo tikuyendayenda pamwamba.

Alamu anagulitsa pulawo ya mphoto ija, nagula thumba la ufa m'tauni, nabwereka njinga ya a Boaz kuti akapereke ku Kasenengwa kudzera mwa mlongo wakeyo. Anabwerako tsiku lotsatira njinga akuikankha, ufa atausiya komweko. Anati anafika anthu akuchokera kumanda. Andireya anali atamuika m'mawa womwewo.

Alamu sanawapirikitse m'mudzi. Njala itatha anthu anayamba kuiwala, monga amachitira anthu akakhuta, ndipo enanso atapsa ndi haibulidi wobwereza m'midzi ina, anazindikira kuti sunali ufiti. Alamu anaphunzira zonse zimene a Boaz ankaphunzitsa, ndipo anaziphunzira ngati munthu wothawa chilombo. Mbewu ankagula chaka ndi chaka, feteleza ankayeza ndi kachitsekero ka botolo, chimanga ankachithira mankhwala n'kuchisunga m'matumba. Akakayika kanthu ankapalasa njinga mpaka ku Chipata kukafunsa, ngakhale kanthu kakang'ono. Anakhoma malata, anagula ng'ombe ndi ngolo, ana awo anafika ku sekondale. Alendo a boma akabwera kudzaona chitukuko ankawatengera pakhomo pawo, n'kumanena kuti uyu ndiye mlimi wamakono amene dziko likufuna. Alamu ankangogwedeza mutu. Sindinawamvenso akulankhula ndi chimanga, ndipo kuseka kwanga sankakubwezanso monga kale.

Kutsindwi la khitchini sikunapachikidwenso mbewu. Pamalopo anapanikizapo mbale ija, ndipo inada ndi mwaye mpaka osadziwika kuti inali yoyera. Sesiliya anafuna kuitsitsa kangapo kuti azidyeramo ana, iwo anakana.

Patapita zaka, alamu tsitsi litayera, kunabwera mtsikana wina wokwatiwa kumene m'mudzi mwathu, wochokera kutali, wosadziwa mbiri. Kwawo anamva kuti kuno kuli bambo wodziwa mbewu. Mitambo inali itasonkhana. Anafika n'kugwada pakhomo la khitchini monga ankachitira amayi athu, nati, "Bambo, ndabwera kudzapempha kambewu."

Ine ndinali pakhonde ndi Sesiliya, tikusenda mtedza. Kuseri kwa chitseko kunali matumba a mbewu yogula, yabwino, yosatsegula, yokwanira kumupatsa iye ndi anzake. Ndinaona alamu akuyang'ana kutsindwi, kenaka anabisa manja onse awiri kumbuyo ngati mwana amene wauzidwa kuti asakhudze moto.

"Pepani mayi," anatero. "Mbewu ili ku sitolo. Mukafunse alangizi, ine sindidziwa."

Mtsikanayo anadikira pang'ono, poganiza kuti mwina akuseka. Kenaka anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, napita.